Mipeni ya nkhondo ya kugombe la Nyasa: weniweni ndi uti, wofanizira ndi uti?

MBAMBA BAY, Tanzania — M'misika ya zinthu zamakedzana ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa muli gulu la ogula amene salabadira mipando, mbale kapena zithunzi. Iwo amasaka mipeni ya asilikali, makamaka ija yosomeka kunsonga kwa mfuti, imene ena amaitcha beneti ndipo m'Chiswahili amatinso singe. Pakati pa mipeni imene anthuwa amailimbirana pali ina yodindidwa zilembo zakuti "Sch. D.O.A.", chidule cha dzina la gulu lankhondo la Schutztruppe, limene linkateteza ulamuliro wa Germany m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ambiri mwa amene ankamangirira mipeni imeneyi m'chiuno anali asilikali achikuda, ndipo ena mwa iwo anaponda gombe lomwe lino.

Boma la Nyasa, limene likulu lake ndi Mbamba Bay, linadulidwa kuchokera ku boma la Mbinga m'chaka cha 2012. Lili m'chigawo cha Ruvuma, kum'mawa kwa nyanja imene Atanzania amaitcha Nyasa, Amalawi amati Malawi, pamene a ku Mozambique amati Niassa. Ndi dera la asodzi a usipa ndi alimi a chinangwa, lopanikizika pakati pa madzi ndi mapiri a Amatengo. Mlendo sangaganize msanga kuti pamalo abata ngati ano panadutsa zida zankhondo za mayiko a ku Ulaya. Komatu zinadutsa, ndipo munthu amene watola mpeni wadzimbiri m'munda, kapena waupeza m'bokosi la malemu agogo ake, akhoza kukhala atagwira umboni wa mbiri imeneyo. Akhozanso kukhala atagwira chitsulo wamba chimene chinatuluka m'fakitale ya ku Asia zaka 20 zapitazo. Kusiyanitsa ziwirizi ndi luso lophunzirika, ndipo wosalidziwa amapusitsidwa kuwiri: akamagulitsa amalandira zochepa, akamagula amalipira zambiri.

Mmene zidazi zinafikira kuno

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu August 1914, Germany inali ndi sitima imodzi yokha ya zida panyanjayi, yotchedwa Hermann von Wissmann. Chapakati pa mwezi womwewo sitima ya Angerezi ya Gwendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Edmund Rhoades, inawoloka nyanja n'kuipeza sitima ya Ajeremaniyo ili pamtunda, ikukonzedwa, padoko la Sphinxhafen. Dokolo ndi limene lero likutchedwa Liuli, kumpoto kwa Mbamba Bay. Anaiombera ndi mzinga n'kuilemaza. Kaputeni wake, Berndt, anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yayamba, choncho anakwera bwato kukadandaula kwa Rhoades, amene anali bwenzi lake, koma anathera m'manja mwa adani monga mkaidi. Mzinga wa Gwendolen unaikidwa ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria.

Pa 9 September chaka chomwecho Ajeremani anagonjetsedwa ku Karonga, kutsidya lina la nyanja. Pa 30 May 1915 asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anatsikira ku Sphinxhafen, anathamangitsa alonda a doko n'kuwononganso sitima ija ndi mabomba. M'chaka cha 1916 gulu la Edward Northey linalowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kumalire a Nyasaland ndi Northern Rhodesia, ndipo mu September asilikali a Rhodesia Native Regiment, amene anatsikira padoko la Wiedhafen, lero Manda, analanda Songea. M'zaka ziwiri zotsatira Mbamba Bay inasanduka khomo lolowera asilikali, chakudya ndi zipolopolo zopita kumtunda.

Katundu ameneyu sankayenda yekha. Katswiri wa mbiri yakale Melvin Page, m'buku lake la The Chiwaya War limene linatuluka m'chaka cha 2000, akusonyeza kuti Nyasaland yokha inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. Dzina lakuti chiwaya linali la mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo anthu a m'midzi anaitcha nkhondo yonseyo ndi dzina lomwelo. Mabokosi a mipeni amene anakwera zitunda za Amatengo anakwera pamitu pa anthu amenewa, ambiri mwa iwo ogwidwa mokakamiza, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo. M'mabuku a osonkhanitsa mipeni mumalembedwa dzina la fakitale, chaka ndi nambala ya gulu la asilikali. Dzina la wonyamula silipezekamo.

Pali mfundo ina imene imasokoneza ogula ambiri. Mu November 1917 mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Ruvuma pa Negomano n'kulanda zida za Apwitikizi. Kumapeto kwa September 1918 anabwerera, anadutsa pafupi ndi Songea, ndipo anakatula zida ku Abercorn, lero Mbala m'dziko la Zambia, pa 25 November 1918. Anali ndi azungu 155 ndi asilikali achikuda 1,168, ndipo mfuti zawo zambiri panthawiyo zinali zolanda kwa Angerezi ndi Apwitikizi. Choncho dziko limene linasula mpeni silitiuza amene anaunyamula pomaliza. Mpeni wa ku Sheffield ukhoza kukhala kuti unali m'chiuno mwa msilikali wa Ajeremani. Chodabwitsa kwambiri ndi mipeni ya mfuti za Apwitikizi za Mauser-Vergueiro za 1904: inasulidwa ndi kampani ya Simson mu mzinda wa Suhl ku Germany, inagulitsidwa ku Portugal, kenaka inabwerera m'manja mwa Ajeremani m'nkhalango za Niassa.

Zimene zalembedwa pachitsulo

Nkhondo isanayambe, gulu la Schutztruppe linali ndi azungu pafupifupi 260 ndi asilikali achikuda pafupifupi 2,500. Ambiri ankagwira mfuti zachikale za Mauser za 1871, za onga wakuda umene unkafuka utsi wambiri n'kuulula pamene wowombera wabisala. Mpeni wodziwika wa mfutizi kuno unali S71/84, waufupi, wa chitsulo cha masentimita pafupifupi 25. Panalinso wina wautali chimodzimodzi, wotchedwa kS98, umene kumsana kwake kuli mano ngati a sowo. Oyambirira anali ndi chigwiriro chachikopa, koma chikopa sichikhalitsa m'dziko lotentha ndi lachinyezi, motero ina inavekedwa chigwiriro chathabwa. Munthu akapeza kS98 wa chigwiriro chathabwa asafulumire kunena kuti ngwabodza.

Mano a sowo aja ali ndi mbiri yawo. Anaikidwa kuti msilikali azicheka nthambi ndi mitengo yomangira malinga, koma ku Ulaya adani a Germany anafalitsa zoti ndi chida chozunzira anthu, ndipo panamveka mphekesera zoti msilikali wogwidwa nawo aziphedwa pomwepo. Pofika 1917 Ajeremani anayamba kupala manowo pamipeni yambiri ya asilikali a kutsogolo. Mipeni yopalidwayo imasonkhanitsidwanso masiku ano monga mtundu wapadera.

Mpeni wa boma la Germany wa nthawi imeneyo umanena mbiri yake m'malo atatu. Patsinde pa chitsulo, pafupi ndi chigwiriro, pamakhala dzina la wosula: fakitale ya boma ya Erfurt, kapena kampani za ku Solingen ndi ku Suhl. Kumsana kwa chitsulo kumakhala kachisoti kachifumu, chilembo cha W choimira Kaiser Wilhelm, ndi manambala awiri osonyeza chaka chimene boma linaulandira. "13" ndiye kuti 1913. Malo achitatu ndi pakachitsulo kopingasa koteteza dzanja, ndi pachimake, chija chimene mpeni umalowamo: apa ndi pamene ankadinda dzina la gulu ndi nambala ya chidacho. Nambala ya pampeni ikafanana ndi ya pachimake, ogula amakondwera, chifukwa zikusonyeza kuti ziwirizi sizinasiyane kwa zaka zoposa 100.

Wa Angerezi wofala kwambiri ndi Pattern 1907, wa mfuti ya Lee-Enfield yaifupi. Ngwautali, masentimita pafupifupi 43, wonoledwa mbali imodzi, ndipo maonekedwe ake anatengera mpeni wa asilikali a ku Japan. Mbali imodzi ya tsinde lake ili ndi chisoti chachifumu, nambala ya 1907, mwezi ndi chaka chimene unapangidwa, ndi dzina la wosula, monga Wilkinson, Sanderson kapena Chapman. Ambiri amalakwitsa pomwepa poyesa kuti 1907 ndi chaka chimene mpeniwo unasulidwa, pamene ndi dzina la mtundu chabe. Chaka chenicheni chili m'timanambala ta m'munsi mwake. Mbali inayo ili ndi chizindikiro chonga mutu wa muvi, chosonyeza kuti ndi katundu wa boma, zidindo za oyesa, ndi chilembo cha X chosonyeza kuti chitsulocho anachipinda pochiyesa ndipo sichinathyoke.

Mipeni ya Pattern 1907 inapangidwa pafupifupi 5 miliyoni ku Britain m'nthawi ya nkhondoyo, kuphatikizanso ina ku Australia, ku India ndi ku America. Mfundo imeneyi njowawa kwa amene wautola n'kuyamba kuwerengera za kumanga nyumba ya malata. Chinthu chikakhala chochuluka chotero mtengo wake sukwera, ngakhale chikalambe bwanji, ndipo wadzimbiri wa m'munda sungapikisane ndi anzake amene anakhala m'nkhokwe zouma za ku Ulaya.

Pali mtundu umodzi wokha wa Pattern 1907 umene ogula amaulipira kwambiri. Yoyambirira inali ndi ngowe yopindikira kutsogolo pakachitsulo koteteza dzanja. M'chaka cha 1913 akuluakulu a asilikali ku Britain analamula kuti ngoweyo isamaikidwenso, ndipo yambiri imene inali nayo inadulidwa. Yotsala ndi yochepa. N'chifukwa chake akathyali amatenga mpeni wamba weniweni n'kuwotchererapo ngowe yatsopano. Wodziwa amayang'ana chaka: ngowe pampeni wa ku Britain wa 1917 ndi bodza loonekeratu. Amayang'ananso polumikizira, pamene mtundu wa chitsulo umasiyana pang'ono ngakhale mmisiri apale mosamala chotani.

Yofanizira ndi yachinyengo

Si mpeni uliwonse watsopano wooneka ngati wakale umene uli wachinyengo. Pali malonda oonekera, ovomerezeka, opanga mipeni yofanizira. Amaigula opanga mafilimu, magulu ochita masewero okumbukira nkhondo zakale, ndi anthu okonda mbiri amene sangakwanitse mtengo wa weniweni. Yambiri imachokera ku India, Pakistan ndi China, ndipo wogulitsa woona mtima amanena poyera kuti njatsopano. Vuto limayamba mpeniwo ukagulitsidwa kachiwiri kapena kachitatu. Chikalata cha fakitale chimatayika, dzina la dziko limene unachokera limapalidwa, ndipo nthano imamera pamenepo.

Njira zokalambitsira chitsulo nzodziwika. Ena amachiviika mu asidi kapena m'madzi amchere, ena amachikwirira m'dothi lonyowa kwa milungu ingapo. Koma dzimbiri lofulumizitsidwa limakhala lofiirira mowala, lofanana paliponse, ndipo limatsala m'manja ukaligwira. Dzimbiri la zaka 100 ndi lakuda, lolimba, ndipo limadya chitsulo mosiyanasiyana: kwambiri pamene madzi ankaima, pang'ono pamene dzanja linkagwira. Zidindo zakale zinkamenyedwa ndi nyundo, motero chitsulo chimatukuka pang'ono m'mphepete mwa chilembo, ndipo nthawi zina mbali ina ya chilembo imazama kuposa inzake. Zilembo zolembedwa ndi makina amakono zimakhala zosalala, zozama mofanana, zokongola mopitirira.

Palinso zizindikiro zimene sizifuna ukatswiri. Mpeni weniweni unapangidwa kuti ulowe pamfuti mothina, choncho mpata wa kuchigwiriro ndi kabatani kake kotsekera zinadulidwa mwaluso. Pa wofanizira kabataniko kamagwedera kapena sikayenda n'komwe. Mzere woonda wodutsa m'litali mwa chigwiriro umasonyeza kuti chitsulocho chinathiridwa m'chikombole. Sikuluwu ya mutu wa mtanda pampeni umene akuti ngwa 1914 imathetsa nkhani yonse, popeza masikuluwu otere anayamba kufala m'zaka za m'ma 1930. Chikopa cha chimake chikamanunkha ngati nsapato ya m'sitolo, wogula abweze ndalama zake m'thumba.

Chinyengo chovuta kuchigwira ndi chija cha mpeni weniweni wokhala ndi chidindo chabodza. Mipeni ya kS98 sinapite ku Africa kokha. Asilikali ena ku Germany komweko ankainyamula, ndipo ilipo yambiri yopanda chizindikiro cha gulu. Wina akaidinda "Sch. D.O.A." mtengo umakwera pomwepo, chifukwa mipeni yeniyeni ya gululi imene inapulumuka ndi yochepa. Apa wogula amafunika galasi lokulitsa zinthu. Chidindo chakale chimakhala ndi dzimbiri lomwelo mkati mwa zilembo ngati kunja kwake, pamene chatsopano chimang'amba dzimbiri n'kuonetsa chitsulo choyera pansi. Nzeru wamba imathandizanso: mpeni wonyezimira, wa chikopa chosang'ambika, umene akuti unayenda zaka zinayi m'mvula ya Mahenge ndi Songea, ngofunika kuufunsa mafunso ambiri.

Nkhondo zimene zinatsatira

Mpeni umene wafaniziridwa kwambiri padziko lonse mwina ndi wa Fairbairn-Sykes, woonda, wakuthwa konsekonse, umene William Fairbairn ndi Eric Sykes anaukonza atagwira ntchito ya upolisi ku Shanghai. Kampani ya Wilkinson Sword inayamba kuupanga m'chaka cha 1941, ndipo unkaperekedwa makamaka kwa magulu apadera a makomando. Nkhondo itatha, yotsala yambiri inagulitsidwa ku America itadindidwa mawu akuti ENGLAND, ndipo ku Sheffield kupanga sikunaleke. Choncho ngakhale wa ku England weniweni sukhala wa m'nkhondo nthawi zonse.

Asilikali a ku Tanganyika, Nyasaland ndi Northern Rhodesia anamenya nawo nkhondo ku Burma m'chaka cha 1944 m'gulu la 11th East Africa Division, ndipo ambiri anabwerera kumudzi ndi kanthu kokumbukira. Koma chida chimene chinawatchukitsa m'nkhalango za kumeneko chinali chikwanje, cholambulira njira, chomangira misasa, ndipo pakavuta chomenyera nkhondo. Wogulitsa akaonetsa mpeni wa makomando n'kunena kuti unali wa msilikali wa King's African Rifles, sizosatheka, koma umboni ukufunika. Zikwanje nazo zili ndi msampha wake. Kampani ya Martindale ya ku Birmingham, ya chizindikiro cha ng'ona, inkagulitsa kwa asilikali komanso kwa alimi mu Africa monse, motero ng'ona yokha sikwanira. Chikwanje cha boma chimayembekezeka kukhala ndi mutu wa muvi uja ndi chaka.

Kumwera kwa Mbamba Bay, malire a Mozambique sali patali. Nkhondo ya ufulu imene FRELIMO inayamba mu September 1964 inayaka kwambiri m'chigawo cha Niassa, ndipo Apwitikizi anali ndi malo a asilikali a pamadzi ku Metangula. Nkhondo yapachiweniweni imene inatsatira inatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992. Zaka zimenezi zinadzaza dera lonseli ndi mfuti za AK ndi mipeni yake. Wa mtundu wa AKM uli ndi bowo m'chitsulo, ndipo ukakolekedwa pachimake umasanduka chodulira waya. Mipeniyi inapangidwa mamiliyoni ambiri m'mayiko osiyanasiyana ndipo pamsika wa osonkhanitsa njotsika mtengo, komabe mbendera ya Mozambique, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1983, ili ndi mfuti yosomekedwa mpeni, itapingasana ndi khasu. Kuyambira 1995 bungwe la Christian Council of Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkasinthanitsa zida ndi makasu, njinga ndi makina osokera, ndipo amisiri anadula zidazo n'kupanga zosema. Chimodzi mwa izo, mpando wopangidwa ndi mfuti, chinagulidwa ndi British Museum m'chaka cha 2002.

Mpeni umene unagwira ntchito kumudzi

Chitsulo chabwino sichigona pansi kumudzi. Mpeni wa asilikali ukatsala m'manja mwa banja, kawirikawiri umanoledwa pamwala chaka ndi chaka, umafupikitsidwa nsonga ikathyoka, chigwiriro chikaola amaikapo cha mtengo wa kumaloko, ndipo umasenda chinangwa, kutumbula nsomba ndi kusema nkhafi mpaka kuonda. Wogula wa ku Ulaya akauona amati wawonongeka, ndipo pa muyeso wa msika wake akunena zoona. Koma kwa wofufuza mbiri ya dera lino mpeni wotere umanena zambiri kuposa wonyezimira wa m'kabati, chifukwa ukusonyeza zimene anthu anachita ndi zotsala za nkhondo imene sanaiyambe. Chimene chimaupatsa ulemu ndi nkhani yake: anabwera nawo ndani, anali msilikali kapena mtengatenga, anatsikira doko liti, unadutsa m'manja mwa yani. Nkhani imeneyi imafa mosavuta kuposa chitsulo. Banja limene lili ndi mpeni wotere lingachite bwino kuilemba papepala akuluakulu akadalipo, kujambula zidindo zonse, ndi kusunga pamodzi mendulo, chiphaso cha usilikali kapena chithunzi ngati zilipo. Ngakhale pamsika, mpeni wokhala ndi zikalata zotere umalemera kuposa unzake wopanda mbiri.

Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kuutsuka. Mwini wake, pofuna kuti uoneke bwino kwa wogula, amaukwecha ndi mchenga, sandipepa kapena makina onolera, ndipo pakutha pa ola limodzi zidindo zonse zapita, mtengo nawo wapita. Chofunika ndi kuchotsa dothi ndi nsalu youma kapena kaburashi kofewa, kupaka timafuta tochepa ta makina osokera pachitsulo pokha, ndi kuusunga pouma. Usasungidwe m'chimake chachikopa kwa nthawi yaitali, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi, ndipo kuno kunyanja chinyezi sichisowa.

Kukumba ndi nkhani ina yoopsa. M'madera ambiri a Tanzania muli chikhulupiriro chakuti Ajeremani pothawa anakwirira chuma, ndipo anthu afukula pansi pa nyumba zakale za boma, za mishoni ngakhalenso manda, pofuna ndalama za rupiya ndi zina zotero. Akathyali adyera pachikhulupiriro chomwechi pogulitsa zinthu zabodza. Malo amene panali msasa wa asilikali akhoza kukhala ndi zipolopolo ndi mabomba osaphulika, ndipo zimenezi sizifa ndi ukalamba. Amene waona chitsulo chobulungira kapena chonga botolo pafupi ndi pamene watola mpeni asachigogode, asachiike pamoto. Akauze mfumu ndi apolisi. Komanso chinthu chikazulidwa popanda kulemba malo ake enieni, akatswiri ofukula zakale amataya mwayi wodziwa kuti msasa unali pati ndipo munali ndani.

Malamulo nawo alipo. Ku Tanzania lamulo la Antiquities Act la 1964, limene linakonzedwanso m'chaka cha 1979, limaletsa kufukula zinthu zakale kapena kutulutsa m'dziko zinthu zotetezedwa popanda chilolezo, ndipo nthambi yoona zimenezi ili pansi pa unduna wa zachilengedwe ndi zokopa alendo. Ku Malawi kuli lamulo la Monuments and Relics Act, limene limayang'aniridwa ndi nthambi yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala. Wofuna kuwoloka nyanja kapena kukwera ndege ndi mpeni wakale ayambe wafunsa kumaofesi amenewa. Asaiwalenso kuti kwa wapolisi wa pachipata, mpeni wa masentimita 43 ndi chida basi, kaya ngwa 1915 kaya ngwa dzulo.

Funso lakuti zinthu zakale za dera lino zizikhala kuti si lachilendo m'chigawo cha Ruvuma. Ku Songea, makilomita pafupifupi 165 kuchokera ku Mbamba Bay, kuli nyumba yokumbukira nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907, pamalo pamene anaikidwa atsogoleri oposa 60 a Angoni amene Ajeremani anawanyonga mu 1906. Mutu wa Nduna Songea Mbano unadulidwa n'kutengedwa, ndipo mbumba yake yakhala ikupempha kuti ubwezedwe. Pa 1 November 2023 Pulezidenti wa Germany, Frank-Walter Steinmeier, anafika pamalopo n'kupempha chikhululukiro. Asilikali amene anazinga midzi ya Angoni m'zaka zimenezo anali a gulu lomwe lija la zilembo za "Sch. D.O.A." Wosonkhanitsa wa ku Ulaya akamayeza kuzama kwa chidindocho ndi galasi, munthu wa ku Songea amaona chinthu china pachitsulo chomwecho, ndipo n'zomveka kuti ena amafuna kuti mipeni yotere ikapezeka izikhala m'nyumba zosungiramo mbiri za kuno, ku Songea, ku Karonga kapena ku Mangochi, kumene ana a sukulu angaione.

Mpeni wa kumfuti umene anthu ambiri ku Tanzania amaudziwa suli m'kabati ya munthu aliyense. Uli pakati pa mzinda wa Dar es Salaam, pachipilala cha Askari chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 1927, ntchito ya mmisiri James Alexander Stevenson. Pamalopo kale panali chifanizo cha Hermann von Wissmann, mwini dzina la sitima ija ya ku Liuli, chimene Angerezi anachichotsa atalanda mzindawo mu 1916. Msilikali wamkuwa amene analowa m'malo mwake wagwira mfuti yosomekedwa mpeni, ataloza kudoko. M'mbali mwa tsinde la chipilalacho muli zithunzi za asilikali ndi za amtengatenga atasenza katundu, ndipo mawu okumbukira analembedwa m'Chingerezi ndi m'Chiswahili, popanda dzina la msilikali kapena la mtengatenga ngakhale mmodzi.